Bodza Limene Ndinanena pa Sabata

Chelstone,
Lachinayi masana

Taonga mwana wanga,

Uli ku Kabwata kolukitsa tsitsi, ndipo ndikudziwa kuti mayi uja sakumasula dzuwa lisanapendeke, chifukwa manja ake amaima nthawi iliyonse imene pakamwa pake payamba nkhani. Atate ako ali pakhonde, akukweza sutikesi yako pasikelo kachisanu tsopano. Akaona kuti yalemera amachotsa kapenta, akaona kuti yapepuka amamubwezeramo. Ndawasiya, ndiko kulira kwawo kumeneko. Ine ndakhala pathebulo ndi cholembera, chifukwa zimene ndikufuna kukuuza ndikaziyamba ndi pakamwa ndimathera kukufunsa ngati walongedza masokosi. Kalatayi uipeza pa pilo pako, ndipo uiwerenge lero lomwe, usadikire kuti ukaitsegule m'ndege.

Ndiyambe ndi chimene chakhala pakati pathu masiku asanu. Pa Sabata titatuluka m'tchalitchi, tikudya pansi pa mtengo wa mango uja, mayi mnzathu wa mumpingo, bana Mutale, anandifunsa kuti, "Nanga bana Taonga, mwana ayenda kuphunzila chani ku Ulaya?" Ine osaphethira n'komwe ndinati, "Ayenda kuchita vamalamulo, azankala loya." Azimayi onse anati ameni, wina mpaka kundigwira chanza. Nditacheuka ndinakupeza uli kumbuyo kwanga ndi mbale ya mpunga m'manja. Unaika mbaleyo pabenchi bwinobwino n'kupita kukakhala m'galimoto. Kuyambira tsiku limenelo mawu ako kwa ine ndi "inde Mami" ndi "iyayi Mami", ndipo ulemu umenewo ukundipweteka kuposa mwano.

Ndinanama, mwana wanga, ndipo undikhululukire. Sukupita kukaphunzira uloya. Ukupita kukaphunzira mbiri, mabuku ndi chikhalidwe cha anthu a nyengo yapakati, zaka zija za pakati pa kugwa kwa ufumu wa Aroma ndi kubwera kwa makina osindikiza mabuku. Waona, ndimadziwa. Ndakhala ndikumvetsera zaka zonsezi pamene iwe unkayesa kuti ndikungosenda mbatata. Chimene chinandivuta ndi ichi: ife osunga Sabata zaka zimenezo timazitcha nyengo ya mdima. Ndakula ndikuziona pa chinsalu cha maulosi zitapakidwa utoto wakuda, mlaliki akuzilozera ndi ndodo. Ndiye ndinene pakati pa azimayi amene ndaimba nawo kwaya chiyambire utsikana wanga kuti mwana wanga wapeza malo kuyunivesite ya ku Ulaya kuti akawerenge zolemba za amonke? Nkhope zawo ndinaziona ndisanatsegule pakamwa. Ndinachita mantha, ndipo ndinakugulitsa chifukwa cha ameni mmodzi.

Sindikufuna ukwere ndege mawa ukuganiza kuti amayi ako amachita nawe manyazi. Mtima wanga uli m'malo ndi ulendo wakowu, ndakondwa moti usiku ndimadzidzimuka ndikumwetulira. Malangizo ndili nawo, koma usayembekezere nzeru za munthu amene sanaphonyepo. Ndingokuonetsa malo amene ndinapunthwa kuti iwe uzikweza phazi.

Matenda onamawa sanayambe pa Sabata. Nditangodziwana ndi atate ako tinkakwera minibasi imodzi kuchokera m'tauni poweruka. Iwo anali atangofika kuchokera ku Mansa, ndi jekete limodzi lofiirira limene ankalisita tsiku ndi tsiku. Atandifunsa kumene ndimakhala, ndinati ku Woodlands. Ine mwana wa m'mafulati a ku Kabwata, wogona chipinda chimodzi ndi azing'ono anga atatu! Ndiye basi inkadutsa pakwathu ine nditayang'ana kumbali, n'kukatsikira ku Woodlands, kenako n'kubwerera wapansi ndi nsapato zazitali zija za kuofesi. Miyezi itatu, Taonga. Zidendene zinachita matuza. Tsiku lina kondakitala wondidziwa anafuula titafika pa Kabwata kuti, "Ba sisi Zelipa, simuseluka? Ba mami banu abo baimilila apo!" Atate ako anaseka mpaka misozi, kenako anati, "Nenze naziba kudala. Nenze kufuna chabe kuona nsapato zizasila liti."

Kumene ukupitako adzakufunsa kwanu, adzakufunsanso ntchito ya amayi ako. Uziti Chelstone, uziti anali wotaipa makalata m'boma. Bodza ngati langa lija limakuyendetsa wapansi tsiku lililonse, pamene amene ukuwanamizawo akhala phee pampando akukuonerera. Ukakumananso ndi ana anzako ochokera kuno, wina akuchita udokotala, wina uinjiniya, akakufunsa chimene iwe ukuphunzira usatsitse mawu kapena kudula dzina la maphunziro ako pakati. Ulinene lonse, ngakhale aseke. Ukumva, Taonga? Ulinene lonse.

Tsopano ndikuuze chimene ngakhale atate ako amangodziwa theka. Agogo ako aamuna, atate anga, anali omanga nyumba, koma pa Sabata ankalalikira. Anali ndi buku lalikulu la mizere, lachikuto chakuda, mmene ankalemba maulaliki awo ndi nyimbo zimene ankazikonda. Dzanja lawo linali la munthu wogwira njerwa, zilembo zikuluzikulu zopendekera uku ndi uku. Bukulo linali ndi madontho a tiyi, masamba ena othimbirira ndi simenti, ndipo m'mbali mwa masamba ankalembamo chilichonse chowabwerera m'mutu. Pena "lero mvula yoyamba". Pena "maso akuwawa, nyali yatha mafuta". Pena "Zelipa wamera dzino". Atamwalira ndinati ndiwachitire ulemu. Ndinkatsala muofesi nthawi ya nkhomaliro n'kumataipa bukulo tsamba ndi tsamba, ndikukonza kalembedwe, ndikuwongola ziganizo zopindika. Za m'mbalizo ndinazisiya, ndinkaziona ngati zinyalala. Nditamaliza ndinakamangitsa m'tauni ndi chikuto chabuluu, ndipo abale onse anandiyamikira. Buku lenilenilo ndinaliponya m'katoni, ndipo tikusamukira kuno ku Chelstone ndinaliotcha pamodzi ndi manyuzipepala akale. Palibe amene anandituma. Ndinaliotcha ndekha kuseri kwa nyumba, ndikuimba nyimbo.

Patapita zaka amalume ako a ku Makeni anafuna kudziwa mudzi umene amayi awo a atate athu anachokera, chifukwa kunabwera munthu wonena kuti ndi mbale wathu. Ndinakumbuka kuti dzina la mudziwo linali m'mbali mwa ulaliki wa mwana wolowerera. Malo ake ndikuwaona mpaka lero, pakona yakumanzere, inki yobiriwira. Koma dzinalo linachoka m'mutu, ndipo onse amene akanatiuza anapita. Buku labuluu ndalitsegula kambirimbiri. Maulaliki alimo, oyera, opanda cholakwika ngakhale chimodzi, koma atate anga mulibemo.

Ndiye chaka chatha unandiitana kuti ndione chinthu pa kompyuta yako. Chinali chithunzi cha tsamba la chikopa cha nkhosa, lolembedwa pamanja kalekale m'Chilatini, ndipo unaloza timawu ting'onoting'ono m'mbali mwake. Unati, "Mami onani, apa mlembi akamba ati kwazizila, kwanja yake ibaba. Ivi ndiye vamene nikonda. Mafumu bonse timabaziba, koma uyu muntu kulibe wamene amuziba." Ine ndinati ndikukaona mphika, koma ndinalowa kuchipinda n'kukalira. Iwe unayesa kuti nkhani yako yanditopetsa. Tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti maphunziro akowa si masewera. Ndikanakhala ndi munthu mmodzi wondiuza zimene unandiuzazo, machesi aja sindikanawayatsa.

Choncho ukakhala pamaso pa mabuku akalewo uzikopera zimene zilipo, osati zimene ukanakonda kuti zikhalepo. Mlembi akaphonya usamukonze mwakachetechete ngati ukumuchitira chifundo, umusiye aoneke mmene analili. Usanataye pepala lililonse, lako kapena la mwini, ugone kaye masiku awiri. Ndikuvomera kuti pa Sabata paja ndinakuchita zomwe ndinachita buku la atate anga. Ndinakutaipa bwinobwino kuti anthu ayamikire, iwe weniweni n'kukusiya kunja. Ndine munthu wosamva msanga, mwana wanga, koma ulendo uno ndamva.

Kumeneko ukapeza ana amene anayamba Chilatini ali ku pulayimale. Iwe wadziphunzitsa wekha pathebulo lino, ukuwerenga mokweza mpaka galu wa aneba kumauwa, kuyesa kwabwera alendo. Padzakhala masiku amene udzaona ngati ndiwe wotsalira m'kalasi monse. Masiku amenewo usabisale. Makompyuta atabwera kuofesi kwathu ine ndinali wothamanga pa taipulaita kuposa onse, ndipo zinandivuta kuvomera kuti kabokosi kameneko kandigonjetsa. Ndinanyamula taipulaita yanga n'kukaibisa m'chipinda chosungira mafailo. Abwana akandipatsa kalata ndinkayatsa kompyuta kuti iziwala pathebulo, ine n'kuzemba kukagogoda kuseri. Ndinachita zimenezo mpaka riboni inatha, ndipo osunga katundu anati zimenezo sakugulanso. Amene anandipulumutsa ndi ba Lungu, mesenjala wachikulire amene ndinkawatuma mabanzi a tiyi. Iwo anaphunzira pongoyang'ana ena akugwira ntchito. Anandipeza nditagwira tsaya, anati, "Madamu, nenze kuimvela taipulaita ilila mu ma failo. Nkalani apa, ni vintu ving'ono ivi." Mlungu usanathe ndinali nditayamba kulemba makalata pa kompyuta.

Ndinataya miyezi yambiri chifukwa choopa kunena kuti sindikudziwa. Iwe uzikweza dzanja m'kalasi ngakhale funso lako likuoneka lachibwana. Ufunse mphunzitsi, ufunse wosunga mabuku, ufunse ngakhale wosesa ngati ndiye akudziwa chitseko chimene ukufuna. Ndipo amene wakuthandiza umudziwe dzina, uzimupatsa moni. Ine ba Lungu ndinali nditagwira nawo ntchito zaka zambiri ndisanadziwe kuti ali ndi ana angati.

Za chikhulupiriro ndilankhule mosamala, chifukwa ndi pomwe ndinagwera pa Sabata. Ukukawerenga mapemphero ndi nyimbo za anthu amene ife tawalalikira moyo wathu wonse ngati adani. Zoipa zimene zinachitika m'zaka zimenezo uziwerenge ndi maso otsegula, usazipake mafuta. Koma usapiteko ngati woweruza. Ku Kabwata, khomo loyang'anana ndi lathu tili banja latsopano, kunkakhala bana Chanda, Mkatolika wa korona m'khosi. Zaka zinayi ndinkalandira zitumbuwa zawo ndi manja awiri n'kukazitaya kuseri, ndipo m'mawa ndinkawalowetsera timapepala ta maulosi pansi pa chitseko. Iwe utabadwa ndinadwala milungu isanu ndi umodzi osatha kudzuka, atate ako ali kuntchito ku Kitwe. Azimayi a kumpingo kwathu ankabwera pa Sabata masana kudzandiimbira, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Koma amene ankachapa matewera ako tsiku lililonse, ndi Loweruka lomwe popeza kwa iwo silinali Sabata, anali bana Chanda. Nditachira ndinapita kukapepesa za timapepala tija. Iwo anangoseka, anati, "Awe mwandi, osavutika. Tuja tumapepa twanu tuyaka bwino maningi pa mbaula."

Anthu a m'mabuku akowo nawonso anali ndi aneba ochapa matewera a ana a eni. Uwawerenge monga anthu, monga mmene unawerengera mlembi wozizidwa uja. Koma Sabata lako usalisiye pabwalo la ndege. Unandiuza wekha kuti kumeneko nthawi yozizira dzuwa limalowa folo koloko isanakwane. Ndiye Lachisanu uziyang'ana kumwamba osati wotchi, likamalowa utseke mabuku, upume. Amonke akowo adikira zaka mazanamazana kuti uwawerenge, tsiku limodzi pa mlungu silingawavute. Ukadzapeza mafunso amene akukusowetsa mtendere usawabise kwa ine poopa kuti ndikomoka. Ndiimbire, tikangane, ine ndi Baibulo langa iwe ndi Chilatini chako, kenako undiuze chimene wadya.

Zing'onozing'ono ndi izi, ndizinene ndisanaiwale. Jekete lija ndinakusankhira pa salaula, zovala za kaunjika zija, ku City Market ukuti likukuonetsa ngati thumba la makala. Ulivale, kumeneko palibe amene adzakufunsire chifukwa cha jekete. Chikanda chili m'furiji udye lero, sichidutsa pabwalo la ndege, ndipo sindikufuna kuona atate ako akukangana ndi apolisi chifukwa cha chikanda. Uziwaimbira foni paokha, osati kungopereka moni kudzera mwa ine. Sadzakuuza kuti akusowa, adzangokufunsa ngati kukugwa mvula, ndipo uziwayankha mwatsatanetsatane. Mnyamata akadzakuuza kuti maphunziro ako ndi osangalatsa koma opanda ntchito, umwe tiyi wakeyo, uthokoze, ubwerere kuchipinda kwako. Ukadzabwera patchuthi tidzapita ku Ing'ombe Ilede kuja wakhala ukutinyong'onya nako, kumene unati anthu a kuno ankasinthanitsa mkuwa ndi mikanda nthawi imene ife timati dziko lonse linali mumdima. Atate ako avomera kuyendetsa galimoto, ine ndidzakazinga nkhuku.

Dzulo madzulo unakana kupita nafe ku mapemphero a Lachitatu, unati ukulongedza. Titabwerako sitinakuuze chimene chinachitika, ndinawapempha atate ako kuti asunge pakamwa. Nthawi ya maumboni itakwana ndinaimirira. Ndinati, "Abale na alongo, pa Sabata ninanama. Mwana wanga sazankala loya. Ayenda kuphunzila mbili, mabuku na umoyo wa bantu ba nyengo yapakati, yamene ise tiitana ati nyengo ya mdima. Azabelenga vamene banalemba ma monke, mu Chilatini. Ninamvela nsoni, koma mulandu ni wanga, osati wake."

Kenako bana Mutale, osadikira n'komwe kuti ndikhale pansi, anati, "Manje azadya chani na vamene ivo?" Funso limenelo nanenso limandibwerera, sindikubisa. Ndinawayankha kuti, "Siniziba. Kapena azaphunzisa, kapena azasunga mabuku. Koma niziba ati ni nchito, chifukwa naiona na menso yanga." Pamenepo mkulu wa mpingo, ba Mwewa, omwe aja amagwira ndodo pa chinsalu cha maulosi, anatsokomola n'kuimirira. Ndinati lero ndatha. Koma iwo anati, "Ise takamba pali izi zaka kuchokela nili mwaiche, koma pano kulibe wamene anabelengapo pepa imozi ya ntawi ija. Mulekeni mwana ayende, akabwela azatiuza." Atatero anakupempherera, anatchula dzina lako ndi maphunziro ako, ngakhale anapunthwa pang'ono pakati mpaka ndinawanong'oneza. Ena sanati ameni, ndinawaona. Sizinandikhudze, ndipo pobwerera kuno ndinaimba njira yonse mpaka atate ako anayatsa wailesi.

Ndimakunyadira, Taonga. Ndimanyadira mwana amene anayang'ana tsamba lonse lodzaza ndi mafumu n'kuona munthu wozizidwa pakona. Mtima umenewo sunautenge kwa ine, koma ndikuuphunzira kwa iwe.

Watsala munthu mmodzi. Azakhali ako a ku Kabulonga, alongo awo a atate ako, sapemphera nafe, koma nkhani ya uloya inawafika Sabata lomwelo, ndipo ndamva kuti alengeza kale kwa anzawo onse. Mawa ndiwo akutitengera kubwalo la ndege pa galimoto yawo. Ukuwadziwa, tisanatuluke n'komwe mu Chelstone adzakuyang'ana pagalasi n'kukupatsa moni kuti, "Shani ba loya?" Ndikanatha kuwaimbira foni lero n'kuthana nazo, koma ndikufuna ukhalepo, popeza pamene ndinanama unalipo. Ndiye akafunsa usamwetulire mwaulemu, usayang'ane pawindo, ndipo usayankhe. Funso limenelo undisiyire ine.

Ndine amayi ako,
Zelipa